Chisanu cha Juni ndi Julayi: Mmene Mungasamalire Banja Lanu Kuno ku Chipata

Meyi akamatha, mphepo ya kuno ku Chipata imasintha. Masana dzuwa limawala bwinobwino, koma likangolowa kuseri kwa mapiri chisanu chimatsika msangamsanga, ndipo m'bandakucha wa Juni ndi Julayi kumazizira mpaka madigiri 12 kapena kucheperapo. Tawuni yathu ili pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo nyumba zathu zambiri n'zamalata opanda siling'i, pansi pali simenti. Kutentha konse kwa masana kumathawira kudenga usiku usanafike pakati.

Komabe chisanu cha kwathu kuno pachokha sichikhala choopsa kwa munthu wamkulu wathanzi amene wadya ndi kufunda bwino. Zimene zimagoneka anthu m'chipatala miyezi imeneyi nthawi zambiri ndi zomwe timachita pochithawa: kulowetsa mbaula kuchipinda, kutseka paliponse polowera mpweya, kusiya mwana pafupi ndi moto, ndiponso kuchedwa kupita kuchipatala poganiza kuti "ndi kachimfine chabe, katha kokha." Malangizo otsatirawa ndawasanja motsatira mmene ntchito yake imayendera pakhomo.

Choyamba: konzani pogona chisanu chisanalimbe

Tulutsani mabulangete onse, muwachape ndi kuwayanika padzuwa tsiku lathunthu. Bulangete limene lakhala m'sutikesi kuyambira chaka chatha limakhala ndi fumbi ndi nkhungu, ndipo mwana wa mphumu akalifunda amayamba kubanika usiku womwewo. Matiresi ndi mphasa nazo ziziona dzuwa kamodzi pa mlungu nyengo yonseyi.

Amene amagona pansi amazizidwa kwambiri kuchokera pansipo kusiyana ndi kumwamba. Musanayale mphasa, yalani makatoni kapena masaka ouma. Zimenezi zimathandiza kuposa kuwonjezera bulangete lina pamwamba. Mpata wa pansi pa chitseko mutha kuutseka ndi chiguduli, ndipo zenera losweka galasi likonzedwe. Koma timabowo tolowera mpweya tapamwamba pa khoma musatitseke ndi nyuzi kapena nsanza. Chifukwa chake chili pa mfundo yotsatirayi.

Chachiwiri: mbaula isagone m'nyumba

Pa zonse zimene ndalemba muno, ngati mungakumbukire chimodzi chokha, chikhale chimenechi. Makala akamayaka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, sutsamwitsa. Ukalowa m'mapapo umakakamira magazi mwamphamvu kuwirikiza ka 200 kuposa mpweya wabwino, kotero ubongo ndi mtima zimayamba kusowa mpweya munthu asakudziwa. Wagona uja amangopitirira tulo.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti choopsa ndi utsi. Amayatsira mbaula panja, n'kuidikira mpaka utsi utatha, makala atafiira psuu, kenako n'kuilowetsa kuchipinda ali ndi mtima wokhazikika. Chikhulupiriro chimenechi chapha anthu. Makala ofiira opanda utsi amatulutsabe poizoniyo, ngakhale amene akuoneka ngati akuzima pansi pa phulusa. Kuika beseni la madzi pafupi, kapena kuwaza mchere pamakala, sikuchotsa kalikonse.

Chitani motere. Yatsirani mbaula panja ndipo phikirani panja, pakhonde kapena m'khitchini yopita mphepo. Ngati banja likufuna kuotha madzulo, otherani pakhonde pomwepo, kapena pamalo pamene chitseko ndi zenera zili zotsegula. Nthawi yogona ikakwana, munthu mmodzi wamkulu akhale ndi udindo wodziwika wotulutsa mbaula ndi kuizimitsa. Ntchitoyi musaisiyire mwana, ndipo musamangoti "wina atulutsa." Masiku a kuzimazima kwa magetsi m'pamene ngoziyi imachuluka, chifukwa ngakhale mabanja ozolowera sitovu amabwerera ku makala. Jenereta nayonso ndi chimodzimodzi: isalire m'nyumba kapena m'galaja yotseka.

Zizindikiro zake muzidziwe: mutu kuwawa, chizungulire, nseru, kusanza, kufooka kwa miyendo, tulo tachilendo. Anthu awiri kapena atatu a m'chipinda chimodzi akadwala mutu nthawi imodzi mbaula ili pomwepo, musayambe mwaganiza za malungo kapena zakudya. Tsegulani zitseko ndi mazenera onse, tulutsirani aliyense panja, ndipo thamangirani kuchipatala ngakhale wodwalayo atanena kuti wapezako bwino. Wokomoka mugonekeni chammbali, musamumwetse mkaka kapena madzi chifukwa angatsamwe. Mukafika, auzeni anamwino mosabisa kuti munali mbaula m'chipinda, kuti amuike pa okosijeni mwachangu.

Ngati mukufuna pogona pofunda, thirani madzi otentha m'botolo lolimba lotseka bwino, mulikulunge ndi chitenje, muliike m'zofunda kwa kanthawi musanagone. Kwa mwana wamng'ono, lichotseni iye asanalowemo.

Chachitatu: tetezani ana ku moto ndi madzi otentha

M'mawa wa Julayi, pitani pakhomo lililonse ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika, mukapeza ana atazungulira mbaula, manja atatambasula, poto wa madzi osamba akuwira pakati pawo. Wamng'ono wokwawa ali pomwepo. Mmodzi akangodzuka mofulumira n'kugunda chogwirira, basi ngozi yachitika.

Mbaula ikhale pamalo osatsetsereka, chogwirira cha poto chiloze kumene kulibe ana. Pokonza madzi osamba, yambani kuthira ozizira m'beseni, otentha pambuyo, ndipo yesani ndi chigongono musanamuike mwana. Majuzi ndi madiresi a nayiloni amagwira moto msanga n'kukakamira pakhungu, choncho wovala zotere akhale patali.

Wina akapsa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20. Inde, ngakhale kukuzizira. Mbali zina za thupi mumufunditse. Vulani mphete ndi zibangili malo asanatupe, koma nsalu imene yakakamira pabala musaikoke. Musapakepo mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira, sopo kapena phulusa, ndipo matuza musawaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera, mupite naye kuchipatala, makamaka ngati ndi mwana, kapena ngati wapsa kumaso, m'manja, kumaliseche, kapena malo aakulu kuposa chikhatho chake.

Munthu wodwala khunyu asamaothe kapena kuphika ali yekha. Ndipo izi ndinene momveka: khunyu sapatsirana. Akagwera pamoto mukokeni nthawi yomweyo, malovu ake sangakudwalitseni. Pali anthu amene analumala manja chifukwa achibale anaimirira patali akuopa kumugwira.

Chachinayi: valani zosanjikiza

Apa sipofunika mawu ambiri. Zovala ziwiri kapena zitatu zopepuka zimafunditsa kuposa chijekete chimodzi cholemera, ndipo dzuwa likakwera mutha kuvulako chimodzi. Salaula ya ku Saturday Market kapena kumsika wa Kapata ili ndi majuzi, masokosi ndi zipewa zaubweya. Gulani Meyi asanathe mitengo isanakwere, ndipo muzichape kaye musanavale.

Ana a sukulu amanyamuka chisanu chili pachimake, popeza temu yachiwiri imagwera m'miyezi imeneyi. Kamalaya kamkati pansi pa yunifolomu, juzi, masokosi ndi nsapato n'zokwanira. Anyamata onyamula anthu pa njinga zakapalasa ndi zamoto amafunika jekete yosalowa mphepo ndi magolovesi, chifukwa zala zikachita dzanzi mabuleki sagwirika bwino. Alimi a m'madimba amene amathirira m'mamawa asinthe zovala zonyowa akangomaliza. Chovala chonyowa chimachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri.

Kumaliro nakonso muzipita mutakonzeka. Abambo amachezera panja usiku wonse, amayi atadzazana m'nyumba yotseka. Tengani bulangete lanu, chipewa ndi choyala pansi. Achikulire ndi odwaladwala apatsidwe malo abwino, ndipo zenera limodzi la siwa likhale lotsegula ndithu.

Chachisanu: idyani zimene mwakolola

Mwayi wathu ndi wakuti chisanu chimatipeza titangokolola. Chimanga chili m'nkhokwe, mtedza wauma, mbatata, maungu ndi nyemba zilipo. Thupi likamalimbana ndi kuzizira limafuna chakudya chokwanira, choncho mwana asapite kusukulu ndi m'mimba mopanda kanthu. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena ufa wa soya, kapena mbatata yophika ndi tiyi, zimamufikitsa masana. Mbatata yofiira mkati ili ndi vitamini A wambiri, amene amathandiza thupi la mwana kulimbana ndi matenda.

Ndimamva chisoni ndikaona banja litagulitsa mtedza wonse kwa mavenda m'mwezi wa Juni, ana n'kumadya phala loyera la mchere wokha. Sungani thumba limodzi la pakhomo musanawerenge la malonda. Posinja, tayani mtedza wachuku, wofota ndi wowawa, chifukwa chukucho chili ndi poizoni wowononga chiwindi amene satha ngakhale mutakazinga.

Ndiwo zamasamba zisasowe: repu, mpiru ndi chainizi za m'dimba, kapena mfutso wotendera. Ino ndiyo nyengo ya manachesi, malalanje ndi mandimu, ndipo malambe nawo ali ndi vitamini C wochuluka. Zipatsozi sizitchinga chimfine kuti chisabwere, koma thupi lodya bwino limachira msanga.

Madzi akumwa timawaiwala kukazizira chifukwa ludzu silimveka, chonsecho mpweya wa miyezi ino ndi wouma kwambiri. Imwani ndithu, ofunda ngati ozizira akukuvutani. Thobwa ndi tiyi nazo zimathandiza. Za kachasu ndiye musanamizidwe. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva ngati wafundidwa pamene kutentha kwa m'kati kukutayika. Woledzera amene wagona m'ngalande usiku wa Julayi ali pangozi yeniyeni. Mukamupeza musamudutse, mulowetseni m'nyumba, mumufunditse, mumugoneke chammbali.

Chachisanu ndi chimodzi: musaleke kusamba

Ana amathawa madzi miyezi ino, ndipo akuluakulu ena nawo amangopukuta kumaso. Zotsatira zake ndi mphere ndi zipere, zomwe zimafala msanga anthu akamafunda bulangete limodzi. Sinthani nthawi yosamba: ana asambe masana akaweruka kusukulu dzuwa lisanapendeke, pamalo obisika ku mphepo. Chigubu chakuda cha madzi chikakhala padzuwa kuyambira m'mawa chimafunda chokha, makala osawonongeka.

Mukangotuluka m'madzi dzolani Vaseline kapena glycerine khungu lisanaumiretu, osaiwala milomo ndi zidendene. Mapazi ong'aluka aviikeni m'madzi ofunda madzulo, muwakwecheko pang'ono ndi mwala, mupake mafuta ambiri n'kuvala masokosi pogona. Mphere zikalowa m'nyumba, onse a m'nyumbamo alandire mankhwala tsiku limodzi, zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha n'kuyanikidwa padzuwa. Mukachiza mmodzi yekha zimabwereranso.

Chachisanu ndi chiwiri: chimfine chikalowa pakhomo

Chimfine chimayamba ndi tizilombo ta mavairasi timene timachoka kwa munthu wina kupita kwa mnzake. Chimachuluka m'chisanu chifukwa timaunjikana m'zipinda, m'makalasi, m'matchalitchi ndi m'maminibasi mazenera ali otseka. Choncho dzuwa likatuluka tsegulani mazenera onse a nyumba. M'basi ya ku Katete kapena ku Lundazi pemphani kuti zenera limodzi litsegulidwe pang'ono, ngakhale ena ang'ung'udze. Sambani m'manja ndi sopo, ndipo pa nsima thiranani madzi m'malo mosambira m'beseni limodzi. Wotsokomola atseke pakamwa ndi mkati mwa chigongono.

Wodwala apume, amwe zamadzimadzi zambiri zofunda, adye ngakhale pang'onopang'ono. Madzi ofunda a mandimu, jinja ndi uchi amafewetsa pakhosi, koma uchi musampatse mwana wosakwana chaka. Panadol amachepetsa mutu ndi kutentha thupi mukatsatira mlingo wolembedwa. Aspirin musapatse ana. Mwana woyamwa ayamwe pafupipafupi, ndipo mumupukute mphuno asanayambe kuyamwa.

Makapisozi a amoxicillin ogula pa kantemba sapha mavairasi. Kumwa awiri lero, atatu mawa, kumangozoloweretsa tizilombo tina, kuti tsiku limene mudzawafunedi asadzagwire ntchito. Kufukiza nthunzi ya masamba a bulugamu kumatsegulako mphuno kwa kanthawi kwa munthu wamkulu, koma sikuchiza, ndipo kwa ana musayese n'komwe: beseni la madzi owira pansi pa bulangete lapsereza ana ambiri.

Thupi likatentha, kayezetseni malungo tsiku lomwelo. Udzudzu umachepa m'chisanu koma sutheratu, makamaka kufupi ndi madambo, madimba ndi kuchigwa cha Luangwa. Neti musaipinde.

Chachisanu ndi chitatu: phunzirani kuwerenga kapumidwe ka mwana

Chimfine wamba chimatha pa mlungu umodzi kapena kupitirirako pang'ono. Chibayo ndiye chimapha, ndipo chili m'gulu la matenda amene amapha kwambiri ana osakwana zaka 5. Poyamba ziwirizi zimafanana, koma mayi kapena bambo aliyense atha kuzisiyanitsa ali pakhomo, pogwiritsa ntchito wotchi ya pafoni.

Dikirani mwana akhale phee, asakulira kapena kuyamwa; ali m'tulo ndiye bwino kwambiri. Mugonekeni pamiyendo panu, kwezani malaya kuti mimba ndi chifuwa zioneke. Tcherani foni mphindi imodzi yathunthu. Mimba ikakwera n'kutsika, werengani kamodzi. Musawerenge theka la mphindi n'kuwirikiza, chifukwa makanda amapuma modukizadukiza. Mwana akuthamangitsa mpweya ngati mwapeza:

- ka 60 kapena kuposa, kwa khanda losakwana miyezi 2
- ka 50 kapena kuposa, kuyambira miyezi 2 mpaka chaka chisanakwane
- ka 40 kapena kuposa, kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka 5

Kenako yang'anani m'munsi mwa nthiti. Mwana wabwinobwino akamakoka mpweya, chifuwa ndi mimba zimatukuka pamodzi. Ngati m'munsi mwa nthitimo mukulowa mkati nthawi iliyonse akakoka mpweya, mapapo akuvutika. Mukaona chimodzi mwa ziwirizi, pitani naye kukiliniki tsiku lomwelo.

Pali zizindikiro zina zosadikira kuti kuche: kulephera kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kukomoka, kulefuka kosadzutsika, kubuula popuma, milomo kuda. Zikatero pezani njinga, galimoto kapena ngolo usiku womwewo. Chipata Central Hospital, Mwami ndi St Francis ku Katete ndi zipatala zazikulu, koma yambani ndi chimene chili pafupi nanu, akakutumizani okha kukafunika. Kutemera mphini pachifuwa kapena kupaka zitsamba kumangotaya nthawi imene mwanayo alibe.

Onaninso khadi la sikelo. Katemera woteteza ku chibayo anayamba kuperekedwa m'Zambia mu 2013, ndipo mwana amalandira pa milungu 6, 10 ndi 14. Wa chikuku amabwera pa miyezi 9 ndi 18. Ngati pali mpata wosalembedwa, pitani akamalize. Sakubwezani chifukwa chochedwa. Sabata ya umoyo wa ana (Child Health Week) ikalengezedwa pa wailesi, tengani ana onse osakwana zaka 5 akalandire vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba molingana ndi msinkhu wawo.

Akuluakulu nanunso mudziyang'anire. Chifuwa chopitirira milungu iwiri, thukuta la usiku pamene ena akunjenjemera, kuonda, kapena makhololo a magazi, kayezetseni TB. Kuyeza ndi mankhwala ndi zaulere m'zipatala za boma, ndipo imachizika mukamwa mankhwala miyezi 6 osadukiza. Ambiri amazengereza poopa zonena za anthu, koma paja mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo amene amayamba kutengera chifuwacho ndi ana anu omwe mumagona nawo chipinda chimodzi.

Chachisanu ndi chinayi: makanda, agogo ndi odwala matenda okhalitsa

Khanda lobadwa m'chisanu limataya kutentha msanga, makamaka kudzera kumutu. Lisasambitsidwe tsiku loyamba. Lipukutidwe, livekedwe chipewa ndi masokosi, ligone pachifuwa cha amayi ake khungu kukhudzana ndi khungu, chitenje ndi bulangete pamwamba, nkhope ili poyera. Kwa obadwa masiku asanakwane kapena ochepa thupi, njira imeneyi imapulumutsa moyo, ndipo abambo kapena agogo atha kulandizana ndi mayiyo. Thewera lonyowa lisinthidwe msanga. Khanda likazizira mimba ndi mapazi n'kuleka kuyamwa, limenelo likudwala, pitani nalo kuchipatala muli chiliikire pachifuwa.

Agogo ambiri kumudzi amagona okha m'kanyumba kawo, ndi kabulangete kamodzi kakale. Okalamba samva kuzizira msanga ngati ife, ndiponso sakonda kudandaula. Musadikire kuti apemphe. Mukamatumiza ndalama ya feteleza kapena ya sopo, tumizaninso bulangete, juzi ndi masokosi, ndipo pakhale mdzukulu wowazonda m'mawa uliwonse ndi kapu ya phala lotentha. Aziothera dzuwa ndi kuyendayenda pabwalo kuti mawondo asaume.

Kuzizira kumakweza BP, choncho odwala matendawa asadumphitse mankhwala, ndipo akayezetse mwezi uno. A shuga asamayandikize mapazi kumoto, chifukwa ambiri mapazi awo anachita dzanzi, amatha kupsa osamva, ndipo bala lake limavuta kupola. Mwana wa sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo, amayamba kumva ululu wa m'mafupa akazizidwa kapena akasowa madzi m'thupi: avale mokwanira, amwe madzi ambiri, asasambe ozizira. Wa mphumu inhela yake ikhale m'thumba, ndipo apewe utsi wa nkhuni. Amene ali pa ma ARV aonetsetse tsiku lokatenga ena lisawapitirire chifukwa cha ulesi wa m'mawa wozizira.

Ogasiti akafika

Chisanu chimayamba kutha koma mphepo imakula, fumbi lili koboo, tchire likupsa uku ndi uku anyamata akusaka mbewa. Maso ofiira, zilonda za pakhosi ndi mphumu zimachuluka. Wazani madzi pabwalo musanasese, musatenthe zinyalala ndi mapulasitiki pafupi ndi nyumba, ndipo maso akalowa fumbi atsukeni ndi madzi oyera osawatikita. Ngati akutuluka mafinya kapena akuwawa, kuchipatala. Musathiremo mkaka wa m'mawere kapena madzi a zitsamba.

Amene mukupita ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa mweziwu, musanyengedwe ndi kutentha kwa masana. Usiku kumazizirabe ndipo anthu ambiri amagona m'misasa, choncho nyamulani bulangete, choyala pansi, madzi akumwa otetezedwa ndi mankhwala anu a tsiku ndi tsiku okwanira masiku onse amene mukakhaleko.